MALO AMENE PANAMENYEDWA NKHONDO YA CIWAYA

Lero tiyambe tasiya za mizere ndi manyowa, tikambe za malo amene panamenyedwa nkhondo ndi alendo amene amadza kudzawaona.

Ku France, pa mtsinje wa Somme, pamene panali nkhondo yoopsa mu 1916, alendo amafika caka ndi caka. Munthu wodziwa mbiri amawatsogolera, nawaonetsa ngalande zimene asilikali ankabisalamo ndi manda a amene anafa, ndipo amalandirapo malipiro. Alimi a kumeneko amafukulabe mabomba polima mpaka lero.

Nafenso tiri nao malo otere. Pa 13 August 1914 sitima ya Guendolen inapita ku Sphinxhaven, kumene tsopano ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, niononga sitima ya Ajeremani yochedwa Hermann von Wissmann. Mzinga wa Guendolen mukhoza kuuona ku Mangochi.

Mwezi wotsatira, Captain Barton anacoka ku Karonga ndi asilikali ace kulowera kumpoto. Ajeremani nao anali kudza kumwera, ndipo magulu awiriwa anasemphana. Pa 9 September Ajeremani anathira nkhondo pa anthu ocepa amene anatsala ku Karonga. Barton anabwerera msanga, nawapulumutsa, ndipo pa Kasoa anagonjetsa Ajeremani ndi kulanda mizinga yao. Azungu a mbali zonse ziwiri anaikidwa m'manda ku Karonga, ndipo mandawo alipobe.

Koma mlendo akangoona manda a Azungu okha wamva theka la nkhani. Amuna a dziko lino pafupi-fupi 200,000 anagwira nchito ya mtengatenga, kusenza cakudya ndi zipolopolo maulendo atali. Mafumu ndiwo ankalamulidwa kupereka anthuwo pamodzi ndi ufa. Ambiri anafa ndi matenda m'njira, ndipo maina ao sanalembedwe pa mwala. Kumudzi minda inasowa olima, nkhokwe zinacepa, ndipo mu 1918 cimfine coopsa cinapha enanso. John Chilembwe analemba kalata yodandaula m'caka comweco ca 1914, kuti anthu osauka ali kufera nkhondo imene siyao.

Cifukwa cace, inu mafumu, funsani akuru-akuru zimene anamva kwa makolo ao, ndipo mnyamata kapena mtsikana wophunzira azilembe. Ameneyo ndiye adzatsogolera alendo ndi ana a sukulu. Musalole kuti munda ulowe pa manda akale. Ndipo inu alimi, khasu likagunda citsulo conga bomba, musacigwire kapena kuciika pa moto. Ikani cizindikiro, uzani amfumu, iwo akanene kupolisi.