Mzinda ukafika pa mpanda wa asilikali: za ku Ikeja ndi ku Malhazine

Tikamaphunzitsa za kukula kwa mizinda timakonda kutchula kusowa kwa nyumba, madzi ndi ntchito. Koma pali mbali ina imene mabuku athu saikhudza kwenikweni: chimachitika n'chiyani mzinda ukakula mpaka kuzungulira kampu ya asilikali?

Tiyambe ndi Lagos ku Nigeria. Mu 1960 anthu a mumzindawu sankafika miliyoni imodzi, koma pofika 2000 anali atapitirira 7 miliyoni. Kampu ya Ikeja, imene inali ndi nkhokwe yaikulu ya mabomba ndi zipolopolo, inatsala pakati pa nyumba, misika ndi mafakitale. Lamlungu pa 27 January 2002 moto unabuka pamsika wina wa pakampupo, ndipo chakumadzulo unafika kunkhokweko. Mabomba anayamba kuphulika ndi kugwera m'makomo. Ambiri anaganiza kuti asilikali akulanda boma, pajatu dzikolo linali litangotuluka mu ulamuliro wa asilikali mu 1999. Aliyense anangoti phazi thandize.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri sanafe ndi mabombawo. Mumdima, khamu la anthu linathamangira kungalande yaikulu ya ku Oke-Afa, imene inali itakwiririka ndi namasupuni, chomera chomwe chija timachiona mumtsinje wa Shire. Pamwamba pankaoneka ngati pamtunda pomera udzu. Otsogola atagweramo, a pambuyo ankangokankha osadziwa za kutsogolo. Mitembo yoposa 600 inavuulidwa m'ngalandemo, yambiri ya ana. Onse amene anafa anapitirira 1,000.

Taonani bwino apa. Nkhokwe inali ya asilikali, pomwe ngalande, misewu ndi mapuloti zinali m'manja mwa akuluakulu a mzinda. Aliyense ankayang'ana mbali yake ya mpanda, ndipo anthu wamba sankadziwa koti athawire.

Patangopita zaka zisanu, zomwezi zinaonekanso kwa anansi athu ku Mozambique. Pa nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992, anthu ambiri anathawa kumidzi n'kukamanga m'mphepete mwa Maputo, ndipo midzi ya m'tauni inayandikira nkhokwe ya zida ya ku Malhazine. Pa 22 March 2007 nkhokweyo inaphulika, mabomba n'kumagwera m'nyumba za anthu kwa maola angapo. Anthu pafupifupi 100 anafa ndipo mazanamazana anavulala. Boma linati chinayambitsa n'kutentha kwa dzuwa. Koma nkhokwe yomweyo inali itaphulikapo kale mu 1985, choncho chenjezo linalipo. Ku Dar es Salaam nako kunaphulika ku Mbagala mu 2009 ndi ku Gongo la Mboto mu 2011, ndipo ku Brazzaville mu 2012 anthu oposa 200 anafa.

Kodi mankhwala ake alipo? Ku America, kumene mizinda inayandikiranso mabwalo a ndege za nkhondo, anayamba mu 1973 kujambula mapu oonetsa madera a phokoso lalikulu ndi amene ndege ingagwere. Kuyambira 1985 asilikali ndi makhonsolo oyandikana nawo akhala akukhalira pansi limodzi kugwirizana kumene kungamangidwe nyumba ndi sukulu, ndi kumene kuyenera kusiyidwa minda kapena tchire. Asilikali saulula zinsinsi zawo zonse ayi. Amangonena kuti ngozi ingafike mpaka pati, ndipo khonsolo imagawa malo ikudziwa zimenezo. Nawo amapindula, chifukwa kampu yopanikizidwa ndi nyumba singachitenso bwino maphunziro a kuwombera.

Kuno kwathu tili ndi Cobbe Barracks ku Zomba, Kamuzu Barracks ku Lilongwe ndi Moyale Barracks ku Mzuzu, ndipo mizinda yonseyi ikukula. Lilongwe yekha anali ndi anthu pafupifupi 99,000 mu 1977, koma kalembera wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Sindikunena kuti pali ngozi imene ikudikira pamalo awa. Ndikunena kuti nthawi yokambirana ndi pamene malo akadali opanda nyumba, chifukwa kusamutsa munthu amene wamanga kale ndi kukwirira abale ake pamalopo ndi mlandu wovuta.

Ena mwa inu amene tinakuphunzitsani lero muli kumakhonsolo, ena ndinu oyeza malo, ena mwavala yunifolomu. Puloti ya pafupi ndi kampu ikafika patebulo panu, funsani kaye ngati a mbali inayo ya mpanda aionapo. Ndipo aphunzitsi anzanga, pophunzitsa za mizinda tiyeni tiwapatse ana mapu a tauni yawo, aloze okha kumene anthu angathawire usiku.