UTSI WONUNKHIRA: KU KACEBERE NDI KU JAPAN

M'caka ca 1903 ansembe a White Fathers anamanga misyoni pa Kacebere, m'boma la Mcinji, pafupi ndi malire a Zambia. Ndipo mu 1939 panatsegulidwa sukulu yaikuru ya ophunzira unsembe. Pa Misa ya masiku akuru wansembe amathira lubani pa makala a moto m'cofukizira, ndipo utsi wace umakwera monga cizindikiro ca mapemphero a anthu. Asilamu naonso amafukiza lubani m'nyumba zao.

Koma lubani samera ku Mcinji. Ndiwo utomoni wa mitengo ya m'maiko ouma a Somalia, Yemen ndi Oman. Eni ace amatema khungwa, utomoni nutuluka, ndipo ukauma amautola. Dzina lomwelo la lubani linacokera ku Ciarabu.

Kutali kum'mawa kuli dziko la zisumbu, dzina lace Japan, kumenenso zofukiza zinafika ngati mlendo. Buku lao lakale, Nihon Shoki, limasimba kuti m'caka ca 595 cipika ca mtengo cinakocezedwa ndi mafunde pa cisumbu ca Awaji. Anthu anaciika pamoto ngati nkhuni wamba. Koma pakumva pfungo lace lokoma anadabwa, nacicotsa, nakacipereka ku nyumba ya mfumu. Mtengowo amaucha jinko. Mu 754 mphunzitsi wa cipembedzo ca Buddha, Ganjin wa ku China, anafika ku Nara, ndipo amanena kuti ndiye anabwera ndi nzeru ya kusakaniza zonunkhira.

Patapita zaka mazana ambiri amisiri a mudzi wa Sakai anayamba kupanga timitengo tofukiza, tochedwa senko, potsata luso la ku China. Pa Awaji nchitoyi inayamba mu 1850, ndipo lero timitengo tambiri ta m'dziko lonselo timacokera pa cisumbu comweco.

Kapangidwe kace nkotere. Amapera makungwa a mtengo wa tabu, nasakaniza ufa wace ndi ufa wa mitengo yonunkhira, monga jinko ndi byakudan, pamodzi ndi zokometsera zina. Atathira madzi amakanda ngati dongo, nafinyira phalalo m'timabowo kuti lituluke ngati tizingwe. Tizingweto amatidula molingana, natiyanika pamthunzi. M'kati mwace mulibe kansungwi monga m'timitengo ta ku India. Cifukwa cace pfungo lace limakhala lofatsa. Timitengoti amatiyatsa m'akacisi, kumanda, ndi m'nyumba pokumbukira makolo.

Akuru a ku Japan anakhazikitsanso mwambo wochedwa kodo m'masiku a Ashikaga Yoshimasa, amene anamwalira mu 1490. Anthu amakhala cete, napatsana kambale ka phulusa lotentha kokhala ndi kabenthu ka mtengo, ndipo yense amayesa kuzindikira mtundu wace. Iwo sanena kuti akununkhiza, koma kuti akumvera pfungo. Mau amenewa sadabwitsa munthu wa ku Mcinji, pakuti iyenso pfungo amalimva.

Tsono pali bvuto. Jinko samera ku Japan. Amacokera ku nkhalango za Vietnam, Indonesia ndi maiko oyandikana nao. Utomoni wace umapezeka m'mtengo wokhawo umene unabvulala ndi kudwala, koma ofuna ndalama anagwetsa mitengo yambiri yabwino pofunafuna umodzi wotere. Maiko anapangana kuti kuyambira mu 1995 mtundu umodzi wa mitengoyi usagulitsidwe kunja popanda cilolezo. Mitengo ya lubani nayonso imafooka akaitema kawirikawiri osaipumitsa.

Cotero wansembe wa pa Kacebere ndi mmisiri wa pa Awaji, ngakhale sadziwana, onse awiri amadalira mitengo ya eni ace, yomera kutali ndi kwao. Mitengoyo ikatha, m'cofukizira mudzatsala makala okha.