PRP Pochiza Kuthothoka Tsitsi

PRP ndi chithandizo chogwiritsa ntchito magazi a wodwalayo. Dokotala amatenga magazi pamkono, nʼkuwazunguza mʼmakina mpaka madzi amagazi okhala ndi mapulateleti ochuluka atapatuka. Mapulateleti, omwe amaundanitsa magazi pabala, amatulutsanso mapuloteni okulitsa maselo, monga PDGF ndi VEGF. Madziwo amabayidwa mʼkhungu la mʼmutu pomwe tsitsi layamba kupyapyala, kawirikawiri kamodzi pamwezi kwa miyezi itatu, kenako mobwereza pakapita miyezi ingapo.

Chithandizochi chimagwira bwino dazi lakumtundu likangoyamba kumene. Pamene mizu ya tsitsi inafa kale sichiphula kanthu. Zipatala zimakonza PRP mosiyanasiyana, nʼchifukwa chake zotsatira za kafukufuku sizigwirizana. Bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linavomereza mankhwala a minoxidil mu 1988 ndi finasteride mu 1997 pochiza dazi, koma PRP silinaivomereze pa ntchitoyi.