Weddle grab

Weddle grab ndi luso la m'masewera a skateboard ndi snowboard pomwe wosewera amagwira thabwa lake ndi dzanja ali m'malere. Kwa zaka pafupifupi 40 lusoli linkadziwika ndi dzina loti mute grab, mpaka mu 2020 pamene linayamba kutchedwa ndi dzina la Chris Weddle, katswiri wa ku America amene analiyambitsa.

Kachitidwe kake

Wosewera akadumpha, amapinda mawondo kuti thabwa liyandikire thupi. Kenako amatambasula dzanja lakutsogolo n'kugwira m'mphepete mwa thabwalo, mbali yomwe zala za kumapazi zaloza, pakati pa mapazi awiriwo kapena pafupi ndi phazi lakutsogolo. Kwa munthu amene amatsogoza phazi lamanzere, dzanja logwiralo limakhala lamanzere. Asanatere amasiya thabwalo kuti thupi likhazikike bwino.

Pa skateboard kugwiraku kumathandiza kuti thabwa lisachoke kumapazi, chifukwa silimangidwa. Pa snowboard, yomwe amaseweretsa pa chipale chofewa, mapazi amakhala omangiriridwa kale, choncho kugwirako kumathandiza kuti thupi lisagwedezeke komanso kumaonetsa ukatswiri kwa oweruza mpikisano.

Lusoli limasiyana ndi indy grab pa chinthu chimodzi: pa indy grab wosewera amagwira mbali yomweyo ndi dzanja lakumbuyo. Maluso ena anachokera pa Weddle grab. Pa Japan air wosewera amagwira chimodzimodzi koma n'kukokera thabwa kumsana, mawondo ataloza pansi. McTwist, yomwe Mike McGill anayambitsa mu 1984, imaphatikiza kagwiridwe kameneka ndi kuzungulira madigiri 540.

Mbiri ya dzina

Cha m'ma 1981 Chris Weddle ankasewera pa bwalo la skateboard la ku Colton, m'chigawo cha California, ndipo ankachita nawo mipikisano. Pa nthawiyo dzina la indy linali litangoyamba kumene, ndipo ena ankafuna kuti kugwira ndi dzanja lakutsogolo kuzitchedwa tracker. Ena anakana, ponena kuti ulemu upite kwa Weddle poti ndiye anali woyamba. Koma m'malo mwa dzina lake anasankha liwu loti mute, lomwe m'Chingerezi limatanthauza munthu wosalankhula. Dzinali linali lolakwika: Weddle ndi wogontha, koma amalankhula.

Patapita zaka zambiri, katswiri wina wotchuka, Tony Hawk, anafunsa Weddle maganizo ake. Iye anayankha kuti akanakonda lusoli likanatchedwa ndi dzina lake kapena ndi liwu lonena zoona, loti iye ndi wogontha. Mu Ogasiti 2020 Hawk analengeza kuti m'masewera a pakompyuta a Tony Hawk's Pro Skater 1 + 2, omwe anatuluka mu Seputembala chaka chomwecho, lusoli lidzalembedwa kuti Weddle grab. Kuyambira pamenepo dzina latsopanoli lafalikira pakati pa osewera ndi owulutsa mipikisano, ngakhale ena amene anazolowera lakale akulitchulabe.