Momwe gitala inapezera mawu pa chimbale

Chaka cha 1925 chisanafike, nyimbo zinkajambulidwa popanda magetsi. Oimba ankaunjikana patsogolo pa chilipenga chachikulu, ndipo mphamvu ya mawu awo ndiyo inkagwedeza singano yolemba mizere pa phula. Chida chofuula ndicho chinkamveka. Gitala, pokhala ya mawu ofatsa, inkamira, n'chifukwa chake magulu ambiri a jazz ku America ankadalira banjo. Zinthu zinasintha m'chaka chimenecho pamene kampani ya Western Electric inabweretsa njira yojambulira ndi maikolofoni. Mu 1932, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anayamba kugulitsa gitala yamagetsi. Pafupi ndi nsambo anaikapo maginito ndi waya wokulungidwa. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera imadzutsa kamphamvu kochepa ka magetsi, amplifaya n'kukakuza.

Koma amene anasinthiratu kajambulidwe ndi Les Paul, mbadwa ya ku Waukesha m'chigawo cha Wisconsin, wobadwa mu 1915. Iyeyu sankakhutira ndi gitala imodzi. M'galaja yake ku Hollywood ankajambula gawo loyamba pa chimbale, kenako n'kuliliza uku akuimba gawo lachiwiri, zonse ziwiri n'kulowa pa chimbale china. Ankabwereza choncho mpaka nyimbo ya Lover, yomwe kampani ya Capitol inatulutsa mu 1948, inakhala ndi magitala 8, onse oimbidwa ndi munthu mmodzi. Magawo ena ankawajambula makina akuyenda pang'onopang'ono, kuti powaliza pa liwiro lake amveke othamanga ndi okwera. M'chaka chomwecho anachita ngozi ya galimoto yomwe inaphwanya chigongono chake chakumanja. Anapempha madokotala kuti mkonowo aulumikize uli chopinda, kuti azithabe kuimba gitala. Munthu wotereyu sankasewera ndi ntchito yake.

Kenako kunabwera tepi. Makina ake anayambira ku Germany, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, msilikali wa ku America Jack Mullin anatenga ena n'kupita nawo kwawo. Woimba Bing Crosby anaika ndalama mu kampani ya Ampex kuti ipange otere, ndipo amodzi anapatsa Les Paul. Les Paulyo anawonjezera kachipangizo kena kowerengera tepi kuti azisanjikiza mawu atsopano pa akale. Njirayi inali yosakhululuka: ukaphonya pa gawo lakhumi, zonse zoyambazo zapita, uyambirenso. Umu ndi momwe anajambulira How High the Moon mu 1951 ndi mkazi wake Mary Ford, amene ankaimba pakamwa pali pafupi kwambiri ndi maikolofoni, chinthu chachilendo masiku amenewo. Vuto lofufuta zakale linatha mu 1957 pamene Ampex inamupangira makina a mizere 8, gawo lililonse pamzere wakewake.

Pamene izi zinkachitika, kuno ku Africa wojambula nyimbo Hugh Tracey ankayenda ndi maikolofoni imodzi yokha, ataigwira m'manja n'kumaisendeza kwa amene akufunika kumveka panthawiyo. Anajambula nyimbo ngakhale kuno ku Malawi, dziko likadali Nyasaland. Mu 1952, ku Jadotville m'dziko la Congo, anajambula mnyamata Jean Bosco Mwenda akuimba Masanga pa gitala wamba. Mpaka lero nsambo iliyonse imamveka payokha, ndipo ine ndimaona kuti chimbale chimenecho chikuposa zambiri zojambulidwa ndi zida zamamiliyoni. Nawonso abale awiri oimba a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anadziwika kunja wojambula nyimbo wina, Gerhard Kubik, atakumana nawo ndi kuwajambula mu 1967.

Zimene zinatsatira m'zaka zapambuyo pake zinangokhala kuchepa kwa makina ndi kutsika kwa mtengo. Mu 1979 kunatuluka Tascam Portastudio, yojambula mizere 4 pa kaseti wamba, ndipo woimba Bruce Springsteen anajambulira pamenepo chimbale cha Nebraska cha 1982 ali kunyumba kwake. Lero kompyuta ndi kabokosi kolumikizira gitala zikukwanira.

Chomwe makinawa sanachotse ndi funso la poika maikolofoni. Mukailozetsa pabowo la gitala wamba, mawu amafufuma n'kudzaza nyimbo yonse. Ilozetseni cha pamene khosi la gitala likumana ndi thupi lake, motalikirako ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Pa amplifaya, maikolofoni ngati Shure SM57, yomwe ilipo kuyambira 1965, imatola mawu akuthwa ikakhala pakati pa sipika, ndipo ofewa ikasunthira m'mphepete. Achinyamata amene mukutsegula masitudiyo m'makwalala a Ndirande ndi Kawale, musanakongole ndalama zogulira chida china, manganipo nsambo zatsopano, chunani gitalayo bwino, ndipo yesani kusuntha maikolofoni kaye.