Thumba limodzi la Ayuda a ku New York: mbiri ndi ntchito za UJA-Federation

M'chaka cha 1909 mkulu wina wa kubanki mumzinda wa New York, Louis Heinsheimer, anamwalira atalemba kuti madola 1 miliyoni pa chuma chake apite ku mabungwe achifundo a Ayuda a mumzindawo. Koma anaikapo lamulo: zipatala, nyumba za ana amasiye ndi mabungwe othandiza amphawi ayambe agwirizana kuti azisonkhetsa ndalama pamodzi. Akuluakulu a mabungwewo sanamvane. Lililonse linali ndi mpondamatiki wake amene linkamudalira, ndipo palibe ankafuna kuti dzina la mpondamatikiyo lilowe m'kaundula wa onse. Ndalama ija inapita kwa m'bale wa malemuyo, Alfred, amene anakhazikitsa nayo bungwe lina, New York Foundation.

Mgwirizano womwe unakanikawo unatheka mu 1917, ndipo ndiwo muzu wa bungwe lomwe lero limatchedwa UJA-Federation of New York, lalikulu pa mabungwe onse a mtundu wake ku America. Likulu lake lili ku Manhattan. Limasamalira zigawo zisanu za mzindawu kuphatikizapo madera a Westchester ndi Long Island, ndipo msonkhamsonkha wake wa chaka ndi chaka umadutsa madola 150 miliyoni. Ntchito yake yaikulu ndi iwiri yokha: kutolera ndalama ndi kuzigawa. Zogwira odwala, kudyetsa okalamba ndi kuphunzitsa ana zimachitidwa ndi mabungwe ena ambirimbiri omwe amalandira gawo kuchokera m'thumbalo.

Mwambo woti Ayuda azisamalira okha osauka awo ndi wakale kwambiri. Mabuku a malamulo awo a zaka pafupifupi 1,800 zapitazo amanena za thumba la mudzi lomwe linkatoleredwa ndi anthu awiri koma n'kugawidwa ndi atatu. Ku New York mwambowu unasanduka lamulo la boma kuyambira pachiyambi. Mu 1654 Ayuda 23 anafika padoko kuchokera ku Recife, m'dziko la Brazil, nthawi imene mzindawu unkatchedwa New Amsterdam ndipo unali m'manja mwa anthu a ku Holland. Bwanamkubwa Peter Stuyvesant anafuna kuwathamangitsa. Kampani yomwe inamulemba ntchito inalamula kuti akhale, bola amphawi awo asadzakhale mtolo wa kampani kapena wa anthu ena.

Kwa zaka 200 zimenezi sizinali zovuta chifukwa anthuwo anali ochepa. Ayuda atachuluka ndi kulemera anamanga chipatala cha Mount Sinai, chomwe chinakhazikitsidwa mu 1852, ndi cha Montefiore mu 1884. Zinthu zinasintha pamene mfumu ya ku Russia, Alexander II, inaphedwa mu 1881 ndipo zipolowe zolimbana ndi Ayuda zinabuka. Kuchokera chaka chimenecho kufika 1924 Ayuda oposa 2 miliyoni a kum'mawa kwa Ulaya anawolokera ku America. Ambiri anathithikana m'dera la Lower East Side, mabanja athunthu m'tizipinda topanda mawindo, n'kumasoka zovala m'mafakitale kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Chifuwa chachikulu chinali paliponse.

Mabungwe othandiza anaphuka ambiri, ndipo onse ankagogoda pa makomo omwewo. Wamalonda mmodzi ankalandira makalata opempha, matikiti a madansi ndi a maphwando osonkhetsa ndalama pafupifupi mlungu uliwonse, ndipo gawo lalikulu la zomwe zinkatoleredwa linkathera pa holo, oimba ndi chakudya. Bungwe lodziwa kukonza phwando linkalemera, pomwe lina logwira ntchito yofunika koma yosasangalatsa maso linkavutika. Ayuda a ku Boston ndiwo anayamba kupeza njira mu 1895: kupempha kamodzi pachaka m'malo mwa onse. A ku Cincinnati anatsatira mu 1896, a ku Chicago mu 1900. A ku New York, olemera kuposa onse, ndiwo anachedwa.

Yemwe anatha kuwasonkhanitsa anali Felix Warburg, wa banki ya Kuhn, Loeb & Co., mkamwini wa Jacob Schiff, mkulu wa bankiyo. Warburg anakhala pulezidenti woyamba wa bungwe lomwe linapatsidwa dzina lalitali lakuti Federation for the Support of Jewish Philanthropic Societies of New York City. Pangano linali losavuta kumva koma lopweteka: bungwe likalowa, lisiye kupempha palokha ndalama zoyendetsera ntchito, lizipereka bajeti yake ku komiti, ndipo lilandire chomwe komitiyo yaona kuti n'choyenera. A ku Brooklyn anali ndi mgwirizano wawo kuyambira 1909 ndipo anadzalowa mu 1944.

Anthu a ku Chiradzulu angaizindikire nkhaniyi, chifukwa zaka zomwezo ndalama zotoleredwa mwa njira yofanana zinkafika ku Mbombwe. John Chilembwe atabwerera kuchokera ku Virginia mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission, yemwe ankamuthandiza sanali munthu mmodzi wolemera. Inali nthambi yoona za mishoni ya National Baptist Convention, yomwe inkasonkhanitsa zopereka za mipingo ya anthu akuda ku America n'kusankha kopita. Ndiyo inatumiza amishonale Landon Cheek ndi Emma DeLany, ndiyonso inali kumbuyo kwa Dr Daniel Malikebu pamene anatsegulanso mishoniyo mu 1926. Magulu awiri onyozedwa m'dziko limodzi anafika pa nzeru yofanana, ngakhale kuti matumba awo anali osiyana kukula kutalitali.

Pa katoleredwe, a ku New York anali akatswiri. Anagawa opereka potengera ntchito zawo: ogulitsa zovala paokha, maloya paokha, a misika ya ndalama ya Wall Street paokha. Chifukwa chake n'chakuti munthu angathe kunamiza mlendo kuti malonda sakuyenda, koma sanganamize mnzake wa ntchito yomweyo amene akudziwa katundu yemwe wagulitsa chaka chino. Pa chakudya chamadzulo cha pachaka, wotsogolera mwambo ankatenga makhadi n'kumaitana dzina limodzilimodzi, ndipo woitanidwayo ankaima n'kunena pagulu ndalama zomwe alonjeza. Zinali ngati perekaniperekani wa paukwati, pomwe malume akaponya zochepa holo yonse imaona. Ena ankadandaula kuti n'kuchititsana manyazi, ndipo anali ndi pogwira: Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anaika kupereka mwachinsinsi pamwamba pa kupereka koonetsera. Komabe makhadiwo ankabweretsa ndalama zomwe makalata sakanabweretsa, ndipo mwambowo unakhala zaka zambiri.

Theka lina la dzina la bungweli, UJA, linabadwa m'mavuto a kutsidya kwa nyanja. Mu Ogasiti 1914 kazembe wa America ku Turkey, Henry Morgenthau, anatumiza lamya kwa Jacob Schiff yopempha madola 50,000 kuti apulumutse Ayuda a ku Palestine omwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawadulira thandizo. Miyezi ingapo pambuyo pake kunakhazikitsidwa American Jewish Joint Distribution Committee, yomwe ambiri amangoti JDC, wapampando wake ali Warburg yemwe uja. Panalinso gulu lina, United Palestine Appeal, lomwe linkati njira yokhayo ndi kusamutsira Ayuda ku Palestine, pomwe a JDC ankati anthu athandizidwe komwe ali. Magulu awiriwa ankalimbirana opereka omwewo mpaka usiku wa pa 9 Novembala 1938, pamene a chipani cha Nazi anatentha masunagoge ndi kuswa masitolo a Ayuda m'dziko lonse la Germany. Mu Januwale 1939 anagwirizana n'kupanga United Jewish Appeal. Mkangano wa magawidwe sunathe. Ankangokambirana chaka ndi chaka kuti uyu atenge zingati pa dola iliyonse.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Ayuda 6 miliyoni ataphedwa ndipo otsala ali m'misasa ya othawa, UJA inalengeza mu 1946 kuti ikufuna madola 100 miliyoni. Ambiri anati n'zosatheka, koma ndalamayo inakwana. Mu Januwale 1948 Golda Meir, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Israel, analankhula ku msonkhano wa mabungwewa ku Chicago ndipo paulendowo anatolera pafupifupi madola 50 miliyoni. Zambiri zinagula zida. Nkhondo ya chaka chimenecho inabala dziko la Israel, inasiyanso anthu a ku Palestine oposa 700,000 atathawa kapena kuthamangitsidwa kwawo, ndipo mbiri ya mabungwewa singafotokozedwe moona popanda kutchula mbali zonse ziwiri.

Ntchito yosamutsira anthu ku Israel inafika ndi ku Africa kuno. Isanafike kuno, pakati pa 1949 ndi 1950 ndege zinanyamula Ayuda pafupifupi 49,000 a ku Yemen kudzera ku Aden. Kumapeto kwa 1984 ndi kumayambiriro kwa 1985 enanso pafupifupi 8,000 a ku Ethiopia anatengedwa m'misasa ya ku Sudan. Chodabwitsa kwambiri chinachitika mu Meyi 1991, patangopita masiku ochepa mtsogoleri wa Ethiopia, Mengistu Haile Mariam, atathawira ku Zimbabwe: anthu oposa 14,000 ananyamulidwa kuchoka ku Addis Ababa m'maola 36, mipando ya m'ndege zina itachotsedwa kuti anthu akwane. Boma la Ethiopia linafuna madola 35 miliyoni kuti liwalole kutuluka, ndipo Ayuda a ku America ndiwo anasonkha.

Ku New York komweko kunali matumba awiri kwa zaka zoposa 30, la Federation loona za mumzinda ndi la UJA loona za kunja. Nkhondo ya mu Okutobala 1973 inaonetsa kuipa kwake: mitima ya anthu inathamangira ku Israel, ndipo a zipatala ndi nyumba za okalamba anaona kuti sangapikisane. Kuyambira 1974 anayamba kutolera pamodzi, ndipo mu 1986 anakhala bungwe limodzi. M'dziko lonse mgwirizano wotere unachitika mu 1999, ndipo kuyambira 2009 umatchedwa Jewish Federations of North America, wokhala ndi mabungwe oposa 140 ku America ndi Canada.

Ntchito ya mumzinda nayo inasintha. Boma la America litayambitsa Medicare ndi Medicaid, mapulogalamu olipirira anthu chithandizo cha kuchipatala, mu 1965, zipatala zinayamba kulandira ndalama zambiri kuboma, ndipo gawo la Federation m'bajeti ya Mount Sinai linasanduka laling'ono zedi. Mabungwe ambiri olandira ndalama za boma amathandiza aliyense, Myuda kapena ayi. Ndalama za thumba lija zinalunjika kwina: chakudya cha mabanja osauka, uphungu wa odwala maganizo, maloya aulere, kusamalira okalamba omwe anapulumuka m'misasa ya Nazi, ndi chitetezo cha masunagoge. Amene amaganiza kuti Myuda aliyense ndi wolemera angadabwe ndi kafukufuku yemwe bungweli linachita mu 2011, amene anapeza kuti pafupifupi banja limodzi mwa asanu a Chiyuda m'dera la New York linali losauka. Ambiri anali okalamba ochokera ku mayiko a Soviet Union yakale ndi mabanja aakulu a anthu opembedza kwambiri ku Brooklyn.

Ku Malawi kulibe bungwe la mtundu uwu, popeza Ayuda okhala kuno ndi ochepa kwambiri. Thandizo lochokera kwa Ayuda limafika kudzera m'mabungwe oima paokha. Lodziwika ndi Innovation: Africa, lomwe Sivan Yaari analiyambitsa mu 2008 ndi dzina lakuti Jewish Heart for Africa, ndipo limaika magetsi a sola m'masukulu ndi m'zipatala ndi kupopa madzi a pansi m'midzi. Ubale wa maboma ndi nkhani ina: Kamuzu Banda anakana kudula ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anatero, ndipo Malawi inatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu Epulo 2024.

Vuto lomwe likusautsa atsogoleri a Federation masiku ano ndi lakuti opereka akuchepa ngakhale ndalama sizikutsika: anthu ochepa olemera kwambiri akusenza gawo lalikulu. Achinyamata ambiri amafuna kusankha okha kopita ndalama zawo, ndipo ena sagwirizana ndi zochita za boma la Israel m'madera a anthu a ku Palestine. Tsoka likagwa thumba limadzazabe msanga. Pambuyo pa chiwembu cha pa 7 Okutobala 2023 ku Israel, mabungwe a ku America ndi Canada anatolera madola oposa 800 miliyoni. Koma m'zaka zabata mpikisano umachokera pafupi. Jewish Communal Fund, bungwe la pachibale lomwe linakhazikitsidwa ku New York mu 1972, limalola munthu kusungitsa ndalama zake zachifundo n'kumalozera yekha sukulu, chipatala kapena gulu loti lilandire, popanda kudikira komiti yogawa. Zomwe bungweli limatulutsa pachaka tsopano zimaposa kutali msonkhamsonkha wa pachaka wa UJA-Federation.