Elephant & Castle: Dzinali Silinachokere kwa Mkazi wa ku Spain

Pali nkhani ina imene ikukana kufa mumzinda wa London, ndipo ngakhale abale athu amene anakakhazikika kumeneko anaitola, amaifotokozera alendo awo molimba mtima. Akuti dzina la siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya Elephant & Castle, kumwera kwa mtsinje wa Thames, silikhudzana ndi njovu m'pang'ono pomwe. Akuti kalelo kunali mwana wamkazi wa mfumu ya ku Spain wotchedwa Infanta de Castilla, ndiye anthu wamba, lilime litawakanika, anapotoza mawuwo mpaka anasanduka Elephant and Castle. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma ndi yabodza. Zimandiwawa ndikamaimva ikubwerezedwa, chifukwa ikukwirira mbiri yeniyeni, yomwe ndi yolemera kuposa iyo.

Choona chake n'chachifupi. Pamphambano imeneyi panali nyumba ya alendo, momwe apaulendo ankadya, kumwa ndi kupumitsa akavalo awo, ndipo pachikwangwani chake panali njovu itasenza kansanja kumsana. Buku la bwalo la dera la Walworth limasonyeza kuti pa 21 Malichi 1765 bwalolo linakumana pa Elephant and Castle. Deralo dzina lake linali Newington. Koma milatho ya Westminster ndi Blackfriars itatsegulidwa mu 1750 ndi 1769, misewu yambiri inayamba kukumana pakhomo pa nyumbayi, ngolo zonyamula anthu zinkaima pomwepo, ndipo dzina la pachikwangwani linameza dzina la mudzi. Umu ndi momwenso depoti ya mabasi ya ku Blantyre inakhalira Wenela, potengera bungwe limene linkalemba anthu opita kumigodi ya ku Joni.

Tsono tiyeni tiwafunse eni nkhani ya Infanta: mkaziyo anali ndani? Apa m'pamene amayamba kusemphana. Ambiri amatchula Eleanor wa ku Castile, mkazi wa Mfumu Edward I. Mayiyu anamwalira mu 1290 ku Harby, pafupi ndi Lincoln, ndipo mwamuna wake anamanga mitanda 12 m'malo onse amene maliro anagona paulendo wopita ku Westminster, wotsiriza pa Charing. Mitanda yonseyo ili kumpoto kwa Thames. Malirowo ankachokera kumpoto, analibe chowolokera mtsinje kupita ku Newington. Komanso kuchokera 1290 kufika 1765 papita zaka 475. Dzinalo linkabisala kuti zaka zonsezo, osalembedwa m'buku lililonse la deralo?

Akapanikizika amathawira kwa Catherine, mkazi woyamba wa Henry VIII. N'zoona kuti mayi ake anali Isabella wa ku Castile, koma Angerezi ankamudziwa monga Catherine wa ku Aragon, ndipo akumutchulabe choncho lero. Ena amati ayi, anali Maria Anna, amene Charles I, asanalowe ufumu, anamulondola mpaka ku Madrid mu 1623 kukafunsira mbeta. Imeneyi ndiye yofooka koposa. Ukwatiwo sunatheke, mkaziyo sanapondeko ku England, ndipo Charles atabwera chimanjamanja anthu a ku London anasonkha moto m'misewu kusangalala kuti sadzakhala ndi mfumukazi ya ku Spain. Mwini bala wanzeru zake angalembe pakhomo pake dzina la munthu amene makasitomala ake anavina atamva kuti sabwera? Nkhani imene mwiniwake amasintha nthawi iliyonse ukafunsa, ine sindiikhulupirira.

Chimene chimagwetseratu bodzali n'chakuti njovu yosenza nsanja sinali yachilendo kwa Angerezi. Chithunzichi chinachokera ku njovu zankhondo zakale, zimene zinkanyamula asilikali m'kabwalo kotchinga kumsana. Amisiri ankachisema m'mipando ya m'matchalitchi, ndipo mzinda wa Coventry uli nacho pachizindikiro chake kuyambira kale. Njovu yeniyeni anali ataionanso: mu 1255 Mfumu Louis IX ya ku France inapatsa Henry III njovu yamoyo, imene inasungidwa ku Tower of London mpaka inafa mu 1257. Panalibe chifukwa choti munthu apotoze Chisipanishi kuti apeze chinthu chimene ankachiona kale ndi maso.

Ine ndili mbali ya amene amaloza kwa osula mipeni. Bungwe lawo la ku London, Worshipful Company of Cutlers, linapatsidwa njovu yosenza nsanja kukhala pamwamba pa chizindikiro chake mu 1622, chifukwa zogwirira za mipeni yapamwamba zinkapangidwa ndi minyanga. Ndipo pamalo pamene panadzakhala nyumba ya alendoyo, poyamba panali chipala cha wosula zitsulo. Pali chinanso cholemetsa mtima. Kampani ya Royal African Company, imene inagulitsa akapolo ambirimbiri ochokera kuzambwe kwa Africa, nayo chizindikiro chake chinali chomwechi, ndipo chinkadindidwa kunsi kwa mutu wa mfumu pa ndalama zina za golide zotchedwa guinea, posonyeza kuti golideyo anabwera ndi kampaniyo. Kotero Mngerezi wa m'zaka za m'ma 1700 akaona njovu ndi nsanja, ankaona minyanga ndi golide, chuma chochokera kutali. Ife amene tikudziwa momwe minyanga inkachokera ku Nkhotakota nthawi ya a Jumbe, itasenzedwa ndi akapolo kulowera ku Kilwa, sitiyenera kulola kuti njovu ichotsedwe m'dzinali n'kuikamo mwana wa mfumu wongopeka.

Siteshoni yake inangotenga dzina limene aliyense ankalidziwa kale. Inatsegulidwa pa 18 Disembala 1890, imodzi mwa masiteshoni 6 a njanji ya City and South London Railway, yochokera ku King William Street kukafika ku Stockwell. Sitima zapansi zoyambirira za 1863 zinkayendera malasha, m'ngalande zokumbidwa kuchokera pamwamba kenaka n'kuvundikira, ndipo utsi unali wosaneneka. Iyi inali ina: inaboola dongo pansi kwambiri, inadutsa kunsi kwa mtsinje, ndipo inkayendera magetsi. Injiniya wake, James Henry Greathead, anabadwira ku Grahamstown ku South Africa, ndipo chishango chachitsulo chotetezera okumba chimene anachikonza chimadziwika ndi dzina lake. Mabogi a njanjiyi anali opanikiza, timawindo tating'ono tili m'mwamba, poti eni ake ankati pansi palibe choti munthu aone. Kondakitala ndiye ankafuula dzina la siteshoni iliyonse. Mtengo unali umodzi, makobiri awiri, kaya utsikira pati.

Nyumba yoyamba ya siteshoniyi anajambula ndi Thomas Phillips Figgis, ya njerwa, ya denga lobulungira momwe munkakhala makina okokera zikepe. Inagwetsedwa kalekale, ndipo khomo la njanjiyi, imene lero ili mbali ya njanji ya Northern, lamangidwanso kangapo. Wofuna kudziwa momwe inkaonekera apite pa siteshoni yoyandikana nayo ya Kennington, pamene dengalo lidakalipo. Chimene chatsala chokongola pa Elephant ndi nyumba ya njanji ya Bakerloo, imene inafika pano pa 5 Ogasiti 1906 ndipo mpaka lero imathera pomwepa. Ndi ntchito ya Leslie Green: matailosi onyezimira ofiira ngati magazi a ng'ombe, mawindo akuluakulu opindika pamwamba, ndi mizati yachitsulo mkati yolimba moti pamwamba pake anasanjapo maofesi. Mnyamatayu anajambula masiteshoni pafupifupi 50 m'zaka zochepa, thanzi linamuthera, ndipo anamwalira mu 1908 ali ndi zaka 33 zokha. Ndikaona matailosi akewo adakali owala, mtima umandipweteka kuti sanakhalitse.

Bambo ena achikulire amene ndimapemphera nawo, omwe anafika ku Britain tsitsi lisanayere, salola kuti nkhani ya siteshoniyi ithe asanaponyemo yawo ya khanda. Amati mwana woyamba kubadwira m'sitima zapansi za London anabadwira pa Elephant & Castle mu 1924, ndipo apa akunena zoona. Kenaka amatsitsa mawu n'kunena kuti mwanayo anapatsidwa mayina anayi, Thelma Ursula Beatrice Eleanor, kuti zilembo zoyamba zipange mawu oti Tube, dzina limene anthu a ku London amatchulira sitimazi. Mayinawo anafalitsa ndi anyuzipepala a nthawi imeneyo, ndipo patapita zaka zambiri zinadziwika kuti mayiyo dzina lake linali lina. Mukawauza zimenezi amangoti, "Ana inu, nkhani yabwino saifunsa chiphaso." Ndimawalemekeza kwambiri, koma pa mfundo imeneyi sitigwirizana. Umu ndi momwe nkhani ya Infanta inakulira: yokoma imathamanga, yoona imatsalira m'mabuku.

Malowa aona zambiri. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, makamaka usiku wa pa 10 Meyi 1941, anaphwasula mbali yaikulu ya mphambanoyi, anthu atabisala pansi m'siteshoni. Pomanganso, mu 1961 anaikapo chibokosi chachikulu chachitsulo chokumbukira Michael Faraday, katswiri wa zamagetsi amene anabadwira ku Newington Butts mu 1791, ndipo mkati mwake muli makina operekera magetsi ku njanji ya Northern. Nyumba yaikulu ya masitolo inatsegulidwa mu 1965, pambuyo pake n'kukhala kwawo kwa amalonda ang'onoang'ono, ambiri ochokera ku Colombia ndi maiko ena a ku Latin America. Inatsekedwa mu Seputembala 2020 n'kugwetsedwa, anthu ambiri akudandaula kuti osauka akukankhidwira kunja, monga zinachitikira ndi nyumba za Heygate Estate zaka zingapo m'mbuyomo. Dandaulo limeneli ndimalimva, ndipo ndi lomveka.

Inu amene mudzafike kumeneko, mudzatulukire khomo la Bakerloo kuti mudzaone ntchito ya Green, kenaka mudzafunse njira ya ku Castle Square. Kumeneko n'kumene anasamutsira chiboliboli cha njovu yosenza nsanja, chimene chinakhala zaka zambiri pakhomo pa masitolo aja.